Kodi Google imatithandizadi tikamafufuza za matenda?

Mayi Nachisale, Zomba

Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Pali nkhani imene ndikufuna tithandizane nzeru, makamaka inu amene mumagwira ntchito za chipatala ndi inu odziwa za makompyuta. Ophunzira ambiri amene amabwera ku laibulale imene ndimagwirako ntchito safufuza za maphunziro zokha, koma amafufuzanso za matenda amene akuwasautsa iwo eni kapena makolo awo kumudzi, ndipo ena amandifunsa ngati angakhulupirire zimene Google yawaonetsa. Kampani ya Google inanena yokha mu 2015 kuti pa zinthu 20 zilizonse zimene anthu amafufuza, chimodzi chimakhala chokhudza zaumoyo, choncho khalidweli si la ophunzira athu okha ayi.

Ndinawerenga za kafukufuku wina wakale amene anatuluka mu 2001 m'magazini ya madokotala a ku America yotchedwa JAMA. Ofufuzawo anasankha matenda anayi, omwe ndi khansa ya m'mawere, kuvutika maganizo, kunenepa kwambiri ndi mphumu ya ana, n'kuyesa makina ofufuzira a Chingerezi ndi a Chisipanishi. Anapeza kuti mwa masamba amene ankatuluka koyambirira, limodzi lokha pa asanu alionse a Chingerezi ndi limene linkamufikitsa munthu pa nkhani yoyenera, ndipo a Chisipanishi anali ochepa kuposa pamenepo. Papita zaka zoposa 20 ndipo makinawa asintha kwambiri, koma kodi asintha mokwanira moti ndingamuuze wophunzira kuti afufuze popanda nkhawa? Ndiponso ngati Chisipanishi, chimene chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni mazanamazana, chinkatsalira chonchi, nanga ife a Chichewa tili pati?

Bambo Kachingwe, Lilongwe

Zikomo mayi chifukwa cha funsoli. Ndiyambe ndi kufotokoza mmene makinawa amasanjira zotsatira, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti chimene chili pamwamba ndiye cholondola kuposa zonse. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankayambitsa Google mu 1998, nzeru yawo inali yakuti tsamba limene masamba ena ambiri akulilozera ndilo lofunika, makamaka ngati amene akulilozerawo ali odziwika. Lero pali zinthu zina zambirimbiri zimene amayang'ana, ndipo pa nkhani zaumoyo amayesetsa kukweza masamba a mabungwe odalirika, koma mfundo imodzi sinasinthe, yakuti makinawa amayeza kutchuka ndi kugwirizana kwa mawu, sayeza wodwala.

Chachiwiri ndi malonda. Zotsatira zina za pamwamba zimakhala zolipiridwa, ndipo pa foni yaing'ono kamawu kosonyeza kuti ndi malonda anthu sakaona n'komwe. Zili ngati oitanira minibasi pa depoti, amene amakukokerani ku galimoto imene akudyapo, osati imene inyamuke msanga. Ku China, mu April 2016, kunamwalira wophunzira wa pa yunivesite wa zaka 21 dzina lake Wei Zexi, amene ankadwala khansa yosapezekapezeka. Asanamwalire analemba kuti chipatala chimene chinamupatsa chithandizo chosatsimikizika, n'kudya ndalama zambiri za makolo ake, anachipeza pamwamba pa zotsatira za Baidu, makina ofufuzira aakulu a m'dzikolo. Nkhaniyi inakwiyitsa anthu kwambiri moti boma linalamula Baidu kuti ichepetse malonda pa tsamba lililonse ndi kuwasonyeza poyera kuti ndi malonda. Google nayo si yoyera pa nkhaniyi, poti mu 2011 inalipira boma la America madola 500 miliyoni chifukwa cholola mafamase a pa intaneti a ku Canada kutsatsa mankhwala kwa anthu a ku America mophwanya malamulo.

Bambo Mwale, Nkhotakota

Ine ndimaona odwala tsiku ndi tsiku pa chipatala chaching'ono cha kuno kunyanja, ndipo ndikufuna ndiwonjezere vuto lina limene kwa ine ndi lalikulu kuposa malonda. Ngakhale tsamba litakhala lolondola mawu onse, linalembedwera munthu wa kwina, ndipo matenda amene amabwera kawirikawiri kwinako si amene amabwera kawirikawiri kuno.

Ndipereke chitsanzo chimene chimachitika mobwerezabwereza. Mnyamata wa sekondale akuona magazi kumapeto kwa mkodzo, ndipo chifukwa cha manyazi sauza munthu aliyense, koma alemba pa foni m'Chingerezi. Masamba oyamba amamuuza za matenda a m'chikhodzodzo, timiyala ta mu impso, ndi khansa ya chikhodzodzo kapena ya impso. Palibe bodza pamenepo, chifukwa kwa munthu wa ku London kapena ku Chicago mndandandawo ndi woyenera. Koma mnyamatayu wakulira m'madzi, amasamba m'nyanja, amathandiza bambo ake kukoka khoka, ndipo mayi aliyense wa m'mudzi mwake atamufunsa akanamuuza kuti ndi likodzo. Ife timayeza mkodzo, tikaona mazira a tizilomboto timamupatsa praziquantel molingana ndi kulemera kwake, n'kumuuza tsiku lobweranso. M'malo mwake amafika atatha masabata asakugona tulo, akukhulupirira kuti akufa, ndipo wina amafika atamwa kale maantibayotiki ogula pa golosale. Sindikunena kuti magazi mu mkodzo nthawi zonse ndi likodzo, ndipo kwa munthu wachikulire timafufuza mozama chifukwa likodzo lokhalitsa limatha kuyambitsa khansa yomweyo, koma dongosolo la zoyamba kuziganizira limadalira kumene munthu akukhala.

Malungo nawonso ndi chimodzimodzi. Masamba ambiri a kunja amalankhula ndi mlendo amene akukonzekera ulendo wobwera ku Africa, ndipo amatha nthawi pa mankhwala oti amwe asananyamuke. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku safuna zimenezo. Iye ayenera kudziwa kuti mwanayo akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndi kuti kukomoka, kulephera kuyamwa kapena kusanza chilichonse ndi zizindikiro zoti asadikire kuti kuche.

Maganizo anga ndi akuti makina ofufuzira amathandiza kwambiri munthu amene dzina la matenda ake walimva kale kuchipatala, koma amasocheretsa munthu amene ali ndi zizindikiro zokha ndipo akufuna kuti foni imuuze dzinalo.

Mayi Nangondo, Leeds

Achimwene a Mwale anena zoona, koma ndikufuna ndiikire kumbuyo makinawa pang'ono, popeza kuno kumene ndimagwira ntchito ya unamwino ndimaona ubwino wake. Munthu akafufuza matenda odziwika ali ku Britain, tsamba la NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala kuno, limatuluka pafupi ndi pamwamba. Limalembedwa m'Chingerezi chosavuta, lilibe malonda, ndipo m'munsi mwake mumalembedwa tsiku limene linaunikidwa komaliza. Ifenso anamwino timawauza odwala kuti akawerenge kumeneko akatuluka m'chipatala. Ku America kuli MedlinePlus, imene imayendetsedwa ndi laibulale ya boma ya zamankhwala, ndipo kuyambira mu 2015 Google inayamba kuika bokosi lachidule la matenda ofala, limene madokotala ake ndi a ku chipatala cha Mayo Clinic analiunika. Bokosi ngati limeneli kunalibe pa nthawi ya kafukufuku amene Mayi Nachisale atchula.

Komabe ndikamatumizira abale anga ku Ntcheu tsamba lomwelo la NHS, ndimaona pamene likuthera mphamvu. Limati zikavuta imbani 111, zikafika poipa imbani 999, kapena pitani kwa dokotala wanu wa banja. Malangizo onsewo amadalira zinthu zimene zilipo kuno. Nkhani yofotokoza matenda imawoloka nyanja bwinobwino, koma nkhani ya choti munthu achite tsopano imatsala kuno.

Za mantha amene achimwene atchula, ofufuza awiri a ku Microsoft, Ryen White ndi Eric Horvitz, anaonetsa mu 2008 kuti munthu akafufuza chizindikiro wamba monga kupweteka kwa mutu, chotupa cha mu ubongo chimatchulidwa m'zotsatira mochuluka kwambiri kuyerekeza ndi mmene matendawo amapezekera mwa anthu. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa, poti anthu amalemba ndi kuwerenga kwambiri za matenda oopsa kusiyana ndi za mutu wa kutopa kapena wa ludzu.

Bambo Chirwa, Kasungu

Ine si wa chipatala, ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndikupempha kuti mumvenso mbali ya ife odwazika matenda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kodi tifunse ndani? Pa tsiku la kiliniki ya shuga mzere umakhala wautali, dokotala ali yekha, ndipo mukangolowa amalemba m'buku la kuchipatala n'kuitana wotsatira. Sindikuwadzudzula, chifukwa ndikuona ndi maso anga kuchuluka kwa anthu, koma zotsatira zake n'zakuti munthu umatuluka ndi mapiritsi m'manja ndi mafunso m'mutu.

Mayi anga amamwa glibenclamide. Tsiku lina anapita kumunda m'mamawa atamwa mankhwala koma osadya kanthu, ndipo anabwerera akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akulankhula zosamveka. Ndinali nditawerenga kale pa intaneti kuti mankhwala amenewa amatha kutsitsa shuga mopitirira ngati munthu sanadye, ndiponso kuti wodwala amene akutha kumeza apatsidwe msanga chakumwa cha shuga. Ndinawasungunulira shuga m'kapu ya madzi, anamwa, anatsitsimuka, kenako tinapita nawo kuchipatala kumene anatiuza kuti tinachita bwino. Aneba anali atayamba kale kunena kuti munthu wodwala shuga sapatsidwa shuga. Pa tsiku limenelo foni inatithandiza, ndipo sindingavomere kuti tiwauze anthu kuti asiye kufufuza.

Chimene chimandivuta ndi nkhani ya zakudya. Masamba ambiri amatchula zakudya zimene ku Kasungu kuno sitinazionepo, pamene funso langa ndi la nsima ya mgaiwa ndi ya ufa woyera, mbatata, chinangwa, nthochi ndi thobwa, komanso kuchuluka kwa mitanda imene mayi angadye.

Bambo Mwale, Nkhotakota

Aphunzitsi, nkhani yanu ikugwirizana ndi zimene ndanena, sikutsutsana nazo. Munali ndi dzina la matenda ndi dzina la mankhwala, zonse zochokera kuchipatala, choncho munafunsa funso lolunjika ndipo munalandira yankho lolunjika. Mukanalemba zizindikiro zokha, kunjenjemera, thukuta ndi kusokonezeka mutu, osatchula mankhwalawo, mukanapatsidwa mndandanda wautali wa matenda osiyanasiyana, ndipo mukanataya nthawi imene mayi analibe.

Anthu ena amakonda kutchula kafukufuku wa mu 2006 wa m'magazini ya madokotala a ku Britain yotchedwa BMJ, pamene madokotala awiri a ku Brisbane, ku Australia, anatenga nkhani 26 za odwala matenda ovuta kuwazindikira, n'kupeza dzina lolondola la matenda pa nkhani 15 pogwiritsa ntchito Google. Chimene chimaiwalika n'chakuti amene ankasankha mawu ofufuzira anali madokotala, amene ankadziwa chizindikiro chofunika ndi chosafunika, ndiponso ndi iwo amene ankasankha yankho pakati pa zotsatira zambiri. Mu 2015 magazini yomweyo inafalitsa kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard amene anayesa mapulogalamu 23 opangidwira ntchito yofunsa zizindikiro n'kutchula matenda, ndipo anapeza kuti dzina lolondola linkakhala loyamba pa mndandanda pafupifupi kamodzi kokha pa maulendo atatu alionse.

Za kuchepa kwa nthawi yofotokozera odwala, mwalasa. Limenelo ndi vuto lathu a chipatala, ndipo wodwala amene wabwera atawerenga za matenda ake enieni amandipeputsira ntchito.

Mayi Tembo, Blantyre

Ndimagwira ntchito mu famase, ndipo kwathu n'kumene zofufuza za pa foni zimasanduka ndalama ndi mapiritsi. Munthu amalowa, osapereka n'komwe kalata ya dokotala, n'kuika foni pa kauntala akuloza dzina la mankhwala. Ambiri amafuna maantibayotiki a chimfine, chimene sichimva mankhwala amenewo. Ena amafunsa chloroquine ya malungo chifukwa aiona pa tsamba lina, osadziwa kuti dziko la Malawi linasiya kuigwiritsa ntchito ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993, pamene linasinthira ku SP chifukwa tizilombo tinali titasiya kuimva, ndipo kuyambira mu 2007 timagwiritsa ntchito LA. Tsambalo silinaname, poti kuli mayiko amene mtundu wa malungo awo umamvabe chloroquine, koma silinadziwe kuti wowerenga ali ku Ndirande.

Pa nthawi ya kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndinaona vuto lina. Mapaketi a Thanzi akasowa, anthu ankafufuza mmene angapangire madzi a shuga ndi mchere kunyumba, ndipo ankapeza miyezo yosiyana. Masamba ena akale amati masupuni aang'ono 8 a shuga ndi supuni imodzi yathunthu ya mchere, pamene muyezo umene umalangizidwa masiku ano ndi masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Kwa mwana wamng'ono mchere wochuluka ndi woopsa, ndipo makina ofufuzira amaika tsamba lakale ndi latsopano moyandikana popanda kukuuzani kuti lakale ndi liti.

Ndionjezere kuti amene amagulitsa mankhwala osatsimikizika ndi amene amalimbikira kulemba m'Chichewa. Lembani m'chinenero chathu za shuga, BP kapena kusabereka, muona kuti zambiri zimene zituluke ndi nkhani za m'nyuzipepala ndi zotsatsa za pa Facebook zolonjeza kuchiza matenda khumi ndi botolo limodzi, nambala ya foni ili m'munsi. Bungwe loona za mankhwala la PMRA lilipo ndipo limachenjeza anthu, koma otsatsawo amalemba tsiku lililonse.

Bambo Kachingwe, Lilongwe

Mayi Tembo akhudza pamene pagona yankho la funso lachiwiri la Mayi Nachisale. Makina ofufuzira salemba okha nkhani, amangosonkhanitsa zimene anthu analemba. Ngati m'Chichewa muli masamba ochepa a zaumoyo olembedwa ndi akatswiri, makinawo adzakweza chilichonse chimene chilipo, ngakhale chikhale chachabechabe, chifukwa palibe chopikisana nacho. Uthenga wabwino wa m'Chichewa ulipo wambiri, koma uli pa wailesi, pa zikwangwani za m'zipatala, m'timapepala togawidwa ku sikelo ndi m'kamwa mwa alangizi a zaumoyo, kumene Google siingafike. Zolemba zina za boma ndi za mabungwe zili pa intaneti, koma zinaikidwa ngati mafayilo akuluakulu amene amadya bandulo ndipo sawerengeka bwino pa foni.

Ena amadalira Google Translate, imene inalandira Chichewa mu December 2014. Imathandiza kumva mutu wa nkhani, koma sindingalangize munthu kuti atengere kumeneko muyezo wa mankhwala. Ndiye pali chatsopano china, mayankho achidule olembedwa ndi AI, pulogalamu ya kompyuta yolemba ngati munthu, amene Google inayamba kuika pamwamba pa zotsatira mu May 2024, kuyambira ku America. M'masabata oyambirira anthu anaseka kwambiri pamene yankho lina linalangiza kuthira guluu pa pizza, litatengera nthabwala ya munthu wina pa intaneti. Kampaniyo inakonza zolakwika zoonekeratu ngati zimenezo, koma chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti yankho lotere limabwera ndi mawu odekha ndi otsimikiza, ndipo munthu amalekera pomwepo osatsegula tsamba limene mfundoyo yachokera.

Mayi Nachisale, Zomba

Ndathokoza nonse. Chizolowezi chosayang'ana kumene nkhani yachokera si cha lero. Gunther Eysenbach ndi mnzake anachita kafukufuku ku Germany amene anatuluka mu 2002, pamene anaonerera anthu akufufuza zaumoyo pa kompyuta. Pofunsidwa, anthu ankanena kuti amafuna kudziwa mwini tsamba asanalikhulupirire, koma atakhala pa kompyuta sankatsegula mbali yofotokoza za eni tsambalo, ndipo pambuyo pake ochepa okha ndi amene ankakumbukira kumene anatenga yankho. Ophunzira anga amachita zomwezo, ndipo ndikawafunsa kuti mwaziona kuti, amangoti pa Google.

Zimene ndikuganiza kuti ndiziwaphunzitsa ndi izi, ndipo mundikonze ngati ndaphonya. Alumphe zotsatira zolipiridwa, ayang'ane dzina la bungwe ndi tsiku limene nkhani inalembedwa, awonjezere mawu akuti Malawi kapena WHO pa zimene akufufuza, ndipo asakhulupirire tsamba limene likufotokoza matenda kwinaku likugulitsa mankhwala ake. Koma kwa amene ali ndi zizindikiro zokha ndipo ali kutali ndi chipatala, ndimuuze kuti atani m'malo mofufuza?

Mayi Nangondo, Leeds

Achemwali, muwauze za Chipatala Cha Pa Foni. Chinayamba mu 2011 m'boma la Balaka ndi thandizo la bungwe la VillageReach, poyamba chikuthandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, kenako chinafalikira dziko lonse, chinayamba kuyankha za matenda osiyanasiyana, ndipo chinaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Amene amayankha ndi ogwira ntchito zaumoyo, amalankhula chinenero chathu, ndipo amatha kukufunsani mafunso obweza, monga zaka za wodwala, masiku amene wadwala ndi mankhwala amene akumwa kale. Kufunsa kobwezaku ndi kumene makina ofufuzira sachita.

Bambo Chirwa, Kasungu

Malangizo owonjezera mawu akuti Malawi ndinawayesa, ndipo anandifikitsa ku buku lalikulu la Unduna wa Zaumoyo lotchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines, komanso ku nkhani za mu Malawi Medical Journal. Ndinaona kuti izi ndiye zakwathu zenizeni, koma Chingerezi chake ndi cha madokotala, ndipo ngakhale ine mphunzitsi ndinamva theka lokha. A Mwale, kodi buku limeneli munthu wamba ngati ine ndingaligwiritse ntchito, kapena ndilisiye?

Bambo Mwale, Nkhotakota

Bukulo linalembedwera ife opereka mankhwala, ndipo limaganiza kuti wowerenga wamuyeza kale wodwala ndipo akudziwa kulemera kwake, mmene impso zake zikugwirira ntchito, ndiponso ngati ali woyembekezera. Musatengemo muyezo wa mankhwala kuti mukagule nokha, ndipo onetsetsani kuti mwapeza lomwe latuluka posachedwa, chifukwa akale nawonso akadali pa intaneti. Pamene lingakuthandizeni ndi pokonzekera tsiku la kiliniki. Mukawerenga mbali ya matenda a shuga muona kuti wodwala amayenera kuonedwa mapazi, maso, impso ndi kuthamanga kwa magazi nthawi ndi nthawi, ndipo mungalembe mafunso awiri kapena atatu pa kapepala n'kukaika m'buku la kuchipatala la mayi, kuti dokotala akangolitsegula awaone. Funso la mitanda ya nsima mulilembe loyamba, ndipo mupemphe kuti akutumizeni kwa woona za kadyedwe pa chipatala cha boma, chifukwa yankho lake limadalira mmene shuga wa mayi wakhala akuyendera pa miyezi yapitayi ndi ntchito imene amagwira kumunda.